Chicheŵa m'Zipangizo Zamakono Zoyendetsera Kalasi: Mavuto a Galamala ndi Kalembedwe

1. MAU OYAMBA

Kalasi iliyonse ya ku pulaimale ili ndi mwambo wake wa tsiku ndi tsiku umene sulembedwa m'silabasi. Belu likalira ana amafola ndi kuloŵa; mphunzitsi amaitana maina, nalemba amene alipo ndi amene palibe; amagaŵa mabuku, amasunga nthaŵi ya phunziro lililonse, amayamika wochita bwino ndi kudzudzula wosokoneza anzake; ndipo pakakhala nkhani yofunika amatuma mwana ndi kalata kapena mau apakamwa kwa makolo. Kwa zaka zambiri ntchito zonsezi zinkatheka ndi kaundula, choko, chitsulo chopachikidwa pamtengo, ndi mau a mphunzitsi mwini wake. Masiku ano zina mwa izo zikusamukira m'foni, m'tabuleti ndi m'kompyuta.

Kusamukaku kumakhudza chilankhulo, pakuti ntchito iliyonse imene yatchulidwayi imachitika ndi mau. Mphunzitsi akamalamula kapena kuyamika, amasankha mau oyenera munthuyo ndi nthaŵiyo popanda kuchita kuganizira. Makina amangotulutsa mau amene wina anaikamo kale. Nkhani ino ikufotokoza mavuto asanu ndi limodzi amene amabuka pamene mapulogalamu oyendetsera kalasi, amene ambiri mwa iwo anamangidwa pa galamala wa Chingerezi, aikidwa m'Chicheŵa. Mavutowo akukhudza magulu a maina obwereka, mgwirizano wa mau m'chiganizo, ulemu polamula, kukwera ndi kutsika kwa liwu, maina a masiku ndi nthaŵi, ndiponso kalembedwe. Zitsanzo zonse ndi za Chicheŵa, koma odziŵa Chishona, Chibemba, Chitumbuka ndi zilankhulo zina za Chibantu adzaona kuti ambiri mwa mavutoŵa ndi aonso.

2. ZIPANGIZO ZAKE NDI NTCHITO ZAKE

Zipangizo zimene zikukambidwa pano zingagaŵidwe patatu. Gulu loyamba ndi la zosungira mbiri: kaundula wa ana, ndandanda wa maphunziro, malikisi a mayeso, ndi chiŵerengero cha mabuku obwereketsa. Gulu lachiŵiri ndi la zotumizira mauthenga pakati pa sukulu ndi makolo. Gulu lachitatu ndi la zophunzirira, zimene mwana amagwiritsa ntchito yekha, makina akumuuza chochita.

Mapulogalamu odziŵika kwambiri a m'magulu aŵiri oyambawo anachokera kunja kwa Africa. Moodle inatulutsidwa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia m'chaka cha 2002. ClassDojo, imene mphunzitsi amaperekera mapointi kwa ana chifukwa cha khalidwe lao ndi kudziŵitsa makolo nthaŵi yomweyo, inayamba ku America mu 2011. Google Classroom inatsatira mu 2014. Onseŵa anapangidwira sukulu zimene zili ndi magetsi, intaneti ndi makalasi a ana ochepa.

Ku Malaŵi zinthu n'zosiyana. Boma litachotsa fizi ya ku pulaimale mu 1994, chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi a ana opitirira 100 m'masitandade oyambirira si achilendo. Dzina lililonse likamatenga masekondi 5 kuitana ndi kulemba, maina 100 amadya mphindi zoposa 8, zimene zili ngati gawo limodzi mwa magawo anai a phunziro la mphindi 30 kapena 35. Chipangizo chochepetsa ntchito imeneyi chingathandize ndithu. Chimene chafalikira kwenikweni pakati pa aphunzitsi ndi foni ya m'manja, makamaka magulu a WhatsApp, amene anagwira ntchito yaikulu sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19.

Gulu lachitatu ndilo lapita patali m'Chicheŵa. Bungwe la onebillion la ku London linakonza maphunziro a masamu a pa tabuleti olankhula Chicheŵa, ndipo Nicola Pitchford wa ku Yunivesite ya Nottingham anaŵayesa pa sukulu ina ya ku Lilongwe ndi ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 kwa masabata 8. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015. Mu 2019 bungwe lomweli linagaŵana ndi Kitkit School mphoto ya Global Learning XPRIZE, pambuyo pa mayeso amene anachitikira ku Tanzania m'Chiswahili. Mu 2023 Unduna wa Maphunziro wa ku Malaŵi unayamba ntchito ya BEFIT, ndi cholinga chofikitsa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuŵa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma. Motero funso la m'mene makina ayenera kulankhulira Chicheŵa likukhudza ana mamiliyoni.

3. MAINA OBWEREKA NDI MAGULU AO

Dzina lililonse loloŵa m'Chicheŵa liyenera kupeza gulu, apo ayi silingagwirizane ndi mau ena m'chiganizo. Maina a zipangizo zatsopano sanaloŵe m'gulu limodzi. Ena atsata gulu la Li-Ma kwathunthu:

(1) batani ili, mabatani aŵa
belu ili, mabelu aŵa

Ena atenga umodzi m'gulu la I-Zi, koma unyinji m'gulu la Li-Ma:

(2) foni iyi, mafoni aŵa
tabuleti iyi, matabuleti aŵa
kompyuta iyi, makompyuta aŵa
pulogalamu iyi, mapulogalamu aŵa

Mwa kaŵerengedwe ka magulu kamene akatswiri anatengera kwa Bleek ndi Meinhof, maina a pa (2) akuphatikiza gulu 9 ndi gulu 6. Chifukwa chake chikuoneka kuti n'chakuti maina akale a I-Zi, monga nyumba ndi mbuzi, sasintha thupi pa unyinji, ndipo olankhula amafuna chizindikiro chomveka pa dzina lachilendo. Komabe foni ziŵiri imamvekanso pambali pa mafoni aŵiri, monga momwe sukulu izi imamvekera pambali pa masukulu aŵa. Pokambirana kusiyanaku sikuvuta. M'pulogalamu womasulira ayenera kusankha njira imodzi ndi kuisunga paliponse, chifukwa mwana amene akuphunzira kumene kuŵerenga amasokonezeka akaona dzina limodzi likugwirizana mwa njira ziŵiri.

Pa aneni zinthu zayenda mwina. Kupatula oŵerengeka monga kutchaja, olankhula atenga aneni akale naŵapatsa ntchito yatsopano: kudina, kutsegula, kutseka, kusunga, kufufuta, kukoka, kutumiza. Ubwino wake ndi wakuti mauŵa amamveka msanga. Choyenera kuchenjera nacho n'chakuti mneni wakale amabwera ndi matanthauzo ake onse. Batani lochotsera dzina lolembedwa molakwa m'kaundula likalembedwa kuti Chotsani wophunzira, mphunzitsi aliyense adzamva kuti akuuzidwa kupitikitsa mwana pasukulu. Mau oyenera ndi Fufutani dzina. Chimodzimodzi, Sungani mwana si lamulo loika dzina m'makina. Ndi pempho lakuti munthu alere mwanayo.

4. MGWIRIZANO WA MAU M'ZIGANIZO ZOKONZERATU

Pulogalamu silemba chiganizo chatsopano nthaŵi iliyonse. Imasunga chiganizo chokonzeratu chokhala ndi mipata, ndipo m'mipatamo imaikamo nambala, dzina la mwana kapena dzina la chinthu. M'Chingerezi chiganizo chotere chimafuna maonekedwe aŵiri okha, a umodzi ndi a unyinji. Nkhokwe ya CLDR ya bungwe la Unicode, imene opanga mapulogalamu amatengako malamulo a zilankhulo, imasonyeza kuti Chiarabu chimafuna maonekedwe 6 malinga ndi nambala, pamene Chicheŵa chinaikidwa pamodzi ndi zilankhulo za maonekedwe aŵiri. Zimenezi n'zoona ngati munthu akuyang'ana nambala yokha. Koma taonani zimene zimachitika pa uthenga wosavuta wonena za katundu wobwezedwa ku kalasi:

(3) Buku limodzi labwezedwa. Mabuku atatu abwezedwa.
Cholembera chimodzi chabwezedwa. Zolembera zitatu zabwezedwa.
Mpira umodzi wabwezedwa. Mipira itatu yabwezedwa.
Tabuleti imodzi yabwezedwa. Matabuleti atatu abwezedwa.
Kabuku kamodzi kabwezedwa. Timabuku titatu tabwezedwa.

Malo atatu akusintha pa chiganizo chilichonse: dzina, nambala ndi mneni. Chimene chikulamula kusinthaku ndi gulu la dzina loikidwa mumpata, ndipo pulogalamu yomangidwa pa Chingerezi siisunga chidziŵitso chimenechi. Womasulira akapatsidwa chiganizo chimodzi chokha amakakamizika kusankha mgwirizanitsi mmodzi, ndipo makina amatulutsa zonga Buku 1 zabwezedwa, zimene palibe mphunzitsi angazilole m'kope la mwana.

Vuto lomweli limaonekanso pa mabatani. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yao ya mu 1987, anaonetsa kuti mgwirizanitsi wa mwininkhani sangasiyidwe pa mneni, pamene mgwirizanitsi wa pamtherankhani amagwira ntchito ngati mloŵam'malo ndipo angathe kusiyidwa. Mfundo imeneyi ili ndi phindu kwa womasulira. Batani lotumizira chinthu likakhala ndi mgwirizanitsi wa pamtherankhani liyenera kusintha: Litumizeni ngati ndi lipoti, Utumizeni ngati ndi uthenga, Chitumizeni ngati ndi chithunzi. Likangolembedwa kuti Tumizani limayenera zonse.

Njira zothetsera vuto la pa (3) zilipo ziŵiri. Yoyamba ndiyo kusunga nambala ya gulu pamodzi ndi dzina lililonse, kuti makina asankhe okha agwirizanitsi oyenera. Njirayi imapereka Chicheŵa chomveka bwino, koma imafuna kuti katswiri wa chilankhulo akhale pamodzi ndi opanga pulogalamu kuyambira pachiyambi. Yachiŵiri ndiyo kupeŵa chiganizo ndi kulemba mutu wotsatiridwa ndi mndandanda, monga Zobwezedwa: mabuku 3. Imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo imakwanira pa zolemba za mphunzitsi.

Kulemba nambala m'malo mwa mau kumabisa vuto pa galasi la makina, koma vutolo limabwerera makina akamaŵerenga mokweza. Ana 7 angaŵerengedwe kuti ana asanu ndi aŵiri kapena ana seveni. Mphindi 45 zingakhale mphindi makumi anai ndi zisanu kapena mphindi fote-faifi. Njira yachikale imafuna mgwirizano pa chigawo chomaliza ndipo ndi yaitali. Njira yobwereka ndiyo imamveka kumsika ndi m'makalasi ambiri. Kusankha pakati pa ziŵirizi ndi nkhani ya mfundo za maphunziro, ndipo sikoyenera kusiyira munthu wojambula mau m'situdiyo.

5. KULAMULA NDI ULEMU

Mabatani ambiri ndi malamulo. Chingerezi chili ndi kalamulidwe kamodzi kwa mwana, kwa mfumu ndi kwa gulu. Chicheŵa chimasiyanitsa:

(4) Dina apa. Dinani apa.
Lemba dzina lako. Lembani dzina lanu.
Uyesenso. Muyesenso.

Mau a kumanzere ndi a munthu wamkulu kwa mwana mmodzi, kapena a anthu ozoloŵerana kwambiri. A kumanja ndi a kwa anthu ambiri kapena kwa munthu mmodzi wolemekezedwa. Unyinji waulemu wotere ulinso m'Chishona, m'Chibemba ndi m'Chitumbuka, pamene Chiswahili cha m'mabuku sichiugwiritsa ntchito kwa munthu mmodzi. Choncho pulogalamu imene inayenda bwino ku Tanzania ndi kalamulidwe ka umodzi singangosamutsidwira ku Malaŵi kapena ku Zimbabwe popanda kufunsa kuti batani lililonse likulankhula kwa yani.

M'sukulu muli omvera atatu. Mwana wa Sitandade 1 wokhala yekha ndi tabuleti, zomvera zili m'makutu, amayembekezera kumva iwe, monga momwe mphunzitsi wake amamuitanira. Akamva inu angaganize kuti lamulolo ndi la kalasi yonse. Mphunzitsi wolemba kaundula sangakondwe makina akamuuza kuti Lemba maina. Kholo lolandira uthenga liyenera kulemekezedwa koposa: Bwerani kusukulu Lachinai ndi lamulo louma, ndipo mphunzitsi wamkulu wodziŵa mwambo akanalemba kuti Mukupemphedwa kuti mubwere kusukulu Lachinai. Mapulogalamu ambiri amasunga mau amodzi a batani ndi kuŵagwiritsa ntchito pa mbali zonse zitatu. M'Chicheŵa mbali iliyonse imafuna mau akeake. Pa mitu ya zosankha, pamene sipakulamulidwa munthu, mneni wosasintha wa ku- amathandiza: Kulemba kaundula, Kuona malikisi.

Unyinji waulemu umabweretsanso kusamveka kwina. Chiganizo chakuti Aphunzitsi sanafike chingatanthauze munthu mmodzi kapena anthu khumi. Polankhula, omvera amadziŵa kuchokera pa zimene zikukambidwa. M'lipoti lopita ku ofesi ya maphunziro ya boma pafunika nambala pambali pa dzinalo.

Pali chinthu chimodzi chimene Chicheŵa chimapepukitsa. Aloŵam'malo ndi agwirizanitsi ake sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, motero Wakhoza bwino ndi Kope lake lasoŵa zimayenera mwana aliyense. Vuto limabwera lipoti likamasuliridwa ndi makina kupita ku Chingerezi, monga mwa Google Translate, imene inalandira Chicheŵa mu Disembala 2014. Pamenepo makina ayenera kulota, ndipo maina monga Chikondi, Chisomo, Mphatso ndi Madalitso saŵathandiza, pakuti amapatsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe.

6. KUKWERA NDI KUTSIKA KWA LIWU

Chicheŵa chimasiyanitsa mau pokweza ndi kutsitsa liwu, koma kalembedwe ka masiku onse sikasonyeza zimenezi. Nkhaniyi yafufuzidwa kuyambira pa galamala wa Mark Hanna Watkins wa mu 1937 mpaka pa buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017. Chitsanzo chodziŵika ndi mténgo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Pa ntchito za m'kalasi chovuta kwambiri ndi nthaŵi za aneni:

(5) ámathandíza anzake (ndi khalidwe lake masiku onse)
amathándiza anzake (ankachita zimenezi posachedwapa)

(6) sabata yatha (sabatayo yafika kumapeto)
sabata yátha (sabata imene inapita)

Munthu woŵerenga amasankha tanthauzo poyang'ana mau ozungulira. Mauthenga a makina ndi afupiafupi, ndipo kaŵirikaŵiri alibe mau ozungulira. Makina oŵerenga mokweza akalakwitsa pokweza liwu, amanena chinthu china ndi chimene mphunzitsi anafuna. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mau ojambulidwa kuchokera kwa munthu weniweni amakhalira odalirika kwa ana aang'ono kuposa mau opangidwa ndi makina kuchokera ku malembo.

Kaundula ndiye amaonetsa bwino kuopsa kwa nkhaniyi. Uthenga wakuti Mwana wanu sanabwere uli ndi matanthauzo aŵiri amene pakamwa amasiyanitsidwa ndi liwu: mwanayo akuyembekezekabe, kapena tsiku latha osaoneka. Kholo lili kumunda kapena kumsika lingamve tanthauzo lachiŵiri pamene mwana anangochedwa pa mtsinje wodzala. Kusintha mneni sikuthetsa zonse, chifukwa wajomba amanenedwa kaŵirikaŵiri kwa munthu wosoŵa popanda chifukwa chomveka, ndipo mwana wodwala malungo kapena wopita ku maliro sayenera kulembedwa chotero. Mau amodzi osankhidwa mosasamala angachititse mwana kulangidwa kunyumba pa mlandu umene sanapalamule. Kaundula wa Chicheŵa afunika mau osiyana pa zochitika zosiyana, monga alipo, wachedwa, wadwala, wapempha, wajomba, ndipo uthenga wa kwa makolo unene nthaŵi: Pofika 9 koloko m'maŵa mwana wanu anali asanafike.

7. MASIKU NDI NTHAŴI

Ndandanda wa maphunziro ndi kalendala zimafuna maina afupi a masiku. Chizoloŵezi cha mapulogalamu ndicho kutenga malembo atatu oyamba. M'Chicheŵa zotsatira zake ndi izi:

(7) Lolemba: Lol
Lachiŵiri: Lac
Lachitatu: Lac
Lachinai: Lac
Lachisanu: Lac

Masiku anai mwa masiku asanu a sukulu akufanana, ndipo ngakhale malembo asanu oyamba sangaŵasiyanitse. Chidule chothandiza chiyenera kuchokera pa tsinde la nambala, monga Ŵir, Tat, Nai, San, kapena kugwiritsa ntchito nambala yeniyeniyo, monga La2 ndi La3. Komanso maina ameneŵa amaŵerenga kuyambira Lolemba. Kalendala yoyambira Lamulungu, monga zilili zambiri za ku America, imaika Lachiŵiri pa malo achitatu, zimene zimasokoneza mwana amene akuphunzira masiku ndi manambala nthaŵi imodzi.

Maola a Chicheŵa amatsata wotchi monga ilili: 7 koloko m'maŵa. M'Chiswahili ola lomwelo limatchedwa loyamba, chifukwa kuŵerenga kumayambira potuluka dzuŵa. Apanso zokonzedwera Tanzania kapena Kenya sizingatengedwe chabe. Ndiponso tsiku la Chicheŵa siligaŵika paŵiri pokha: lili ndi m'mamaŵa, m'maŵa, masana, madzulo ndi usiku.

Nthaŵi za aneni nazo zimasiyanitsa za lero ndi za masiku apitawo: wachedwa ndi za lero, anachedwa ndi za dzulo kapena kale. Kumadera kumene netiweki imavuta, uthenga wolembedwa Lolemba ungafike Lachitatu uli ndi mau akuti wachedwa lero. Tsiku ndi mwezi ziyenera kulembedwa m'kati mwa uthengawo.

8. MALEMBO NDI KALEMBEDWE

Chicheŵa chinakhala chilankhulo cha dziko la Malaŵi mu 1968. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo ake a kalembedwe anatuluka mu 1973. Malamulowo anakonzedwera makina otaipira ndi osindikizira. Makina a lero aonetsa zovuta zitatu zimene panthaŵiyo sizikanaganizirika.

Choyamba ndi lembo la ŵ. Lili m'ndandanda wa Unicode pa nambala U+0175, ndipo limapezekanso m'chilankhulo cha ku Wales, koma mulibe m'malembo a uthenga wamba wa pa foni. Uthenga wa malembo wamba umalola zilembo 160. Mukangoloŵa ŵ mmodzi, foni imasinthira ku kalembedwe kena kamene kamalola zilembo 70 zokha, ndipo uthenga umodzi umaduka paŵiri kapena patatu. Sukulu yotumiza mauthenga kwa makolo 1,000 ingalipire kaŵiri kapena katatu chifukwa cha kadenga kamodzi. Nyuzipepala zambiri zinasiya kale kulemba lemboli, ndipo mtengo wa mauthenga ukukankhira mbali yomweyo. Pofufuza dzina m'kaundula, makina ayenera kuuzidwa kuti ŵ ndi w aziyesedwa lembo limodzi, monganso l ndi r, amene anthu ambiri amaŵasinthanitsa polemba maina.

Chachiŵiri ndi nkhodolero. M'Chingerezi ndi chizindikiro cha m'kalembedwe chabe, koma mu ng' ndi gawo la lembo, losiyanitsa liwu la mu ng'ombe ndi la mu ngozi. Mafomu ena a pa kompyuta amakana nkhodolero m'dzina kapena kuifufuta, motero mwana wa kwa Ng'oma amasanduka Ngoma, ndipo dzina la m'kaundula limasiyana ndi la pa chikalata cha kubadwa kapena cha mayeso. Ndiponso foni zina zimalemba nkhodolero yopindika pamene zina zimalemba yoongoka. Kwa munthu n'zofanana, kwa makina ndi zizindikiro ziŵiri, ndipo mwana mmodzi angalembedwe kaŵiri. Ngakhale m'mauthenga, kusiyana kwa Bwerani maŵa ndi Bwerani m'maŵa kwagona pa lembo limodzi ndi nkhodolero yake.

Chachitatu ndi malire a maiko. Chilankhulo chomwechi chimaphunzitsidwa ku Zambia, kumene kalembedwe kake kanavomerezedwa mu 1977, ndi ku Mozambique, kumene chinagwiritsidwa ntchito m'chigawo cha Tete pa kuyesa maphunziro a zilankhulo ziŵiri kwa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997. Kumene Malaŵi amalemba ch, maiko aŵiriŵa amalemba c: chinthu ndi cinthu. Kumene Malaŵi amalemba ntchito, Zambia imalemba nchito. Motero malembo a ch akuimira maliwu osiyana ku Lilongwe ndi ku Chipata. Chilankhulochi chili ndi chizindikiro chimodzi cha ny m'ndandanda wa ISO 639, ndipo pulogalamu yosaonjezerapo dzina la dziko idzapatsa mwana wa ku Katete kalembedwe ka ku Dedza, kamene mphunzitsi wake adzakachonga kuti n'kolakwa.

9. MAU OMALIZA

Mavuto amene afotokozedwa pano ali ndi njira zoŵathetsera, ndipo zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Chofunika n'chakuti zidziŵike pulogalamu isanamangidwe. Womasulira wopatsidwa mndandanda wa mau patokhapatokha, osauzidwa amene adzaŵaŵerenge kapena dzina limene lidzaloŵe mumpata, sangatulutse Chicheŵa cholongosoka ngakhale atakhala waluso chotani.

Akatswiri a zilankhulo a m'chigawo chino ali ndi ntchito zinai zimene angayambe. Yoyamba ndiyo kukonza mndandanda wa maina a zinthu za m'sukulu, dzina lililonse ndi gulu lake la umodzi ndi la unyinji, m'maonekedwe amene makina angaŵerenge. Yachiŵiri ndiyo kugwirizana za chidule cha masiku ndi miyezi, ndi za mau a m'kaundula. Yachitatu ndiyo kujambula mau a aphunzitsi enieni m'makalasi, ndi zizindikiro za kukwera kwa liwu, kuti makina olankhula aphunzire pa Chicheŵa cha m'sukulu. Yachinai ndiyo kulemba malamulo osinthira kalembedwe ka dziko lina kupita ku ka linzake. Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inaloŵa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, pamodzi ndi nthambi za zilankhulo za ku Lusaka ndi ku Maputo, ndiwo malo oyenera kukumaniranapo. Ntchito yomweyi idzafunikanso pa Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, pakuti ana ambiri a ku Malaŵi amafika ku Sitandade 1 akulankhula zimenezi.

Kale, mau amene mwana ankamva ndi kuŵerenga kusukulu ankadutsa m'manja mwa olemba mabuku, oyendera sukulu ndi aphunzitsi odziŵa chilankhulocho. Tsopano mwana wa zaka 6 angamve Dina apa ndi Uyesenso kuchokera ku tabuleti kambirimbiri pa sabata, ndipo kholo lingalandire mauthenga ochuluka a makina kuposa makalata a mphunzitsi. Mau obwerezedwa chotero amakhazikika m'makutu, nasanduka muyeso wa chimene anthu amayesa Chicheŵa cholondola. N'chifukwa chake odziŵa galamala ayenera kuŵaunika asanafike m'kalasi.